Kupanda inshuwaransi si umboni woti ndiwe wachititsa ngozi

Galimoto zinayi kapena zisanu zikagundana motsatizana, pamafika nthawi yomwe anthu amaleka kuyang'ana galimotozo n'kuyamba kufunsana mapepala. Akangopezeka mmodzi wopanda inshuwaransi, basi, mlandu watha: "wolakwa ndi ameneyu." Ine ndimaona kuti apa timasakaniza nkhani ziwiri zosiyana, ndipo amene amadzalira nako kusakanizako ndi munthu wosalakwa uja akamadzafuna chipukuta misozi.

Kuyendetsa galimoto yopanda inshuwaransi, m'mayiko momwe lamulo limaikakamiza, ndi mlandu wa pakati pa dalaivalayo ndi boma. Alipira chindapusa, mwina alandidwa galimoto kapena laisensi. Koma funso loti ndani wachititsa ngozi limayankhidwa ndi mmene aliyense anayendetsera: anasiya mpata wotani, anathamanga bwanji, anaponda mabuleki liti. Munthu atha kukhala wopanda pepala lililonse koma anali ataima bwinobwino pomwe wina amadzamugunda kumbuyo. Ameneyo walakwira boma, koma sanalakwire inu.

Tiyeni tiziyale galimoto zinayi pamzere. Yoyamba yaima mwadzidzidzi. Yachiwiri yaima osaigunda. Yachitatu ndi yomwe ilibe inshuwaransi. Yachinayi ndi yomalizira. Zonse zikaima zitaphwanyika, maonekedwe ake amakhala ofanana, koma pali njira ziwiri zomwe zikanafikira pamenepo. Njira yoyamba: yachitatu inaima nthawi yake, yachinayi inabwera ndi liwiro, n'kuikankhira pa yachiwiri, yachiwiri n'kukagunda yoyamba. Apa katundu yense ali pamutu pa dalaivala wachinayi, ndipo wopanda inshuwaransi uja ndi wolakwiridwa ngati anzakewo. Njira yachiwiri: yachitatu inagunda kaye yachiwiri, patapita kamphindi yachinayi n'kudzagunda yachitatu. Apa pachitika ngozi ziwiri, osati imodzi. Wachitatu ayankha za kumbuyo kwa yachiwiri, wachinayi ayankha za kumbuyo kwa yachitatu, ndipo ngati kugunda kwachiwiriko kunaonjezera kuphwanyika kutsogolo, kumeneko agawana.

Funso lomwe limalekanitsa njira ziwirizi ndi laling'ono kwambiri, ndipo pamsewu sindikhulupirira kuti ambiri amalikumbukira: dalaivala wa galimoto yachiwiri anamva kugundidwa kumbuyo kangati? Kamodzi kapena kawiri? Ngati anamva kamodzi, n'kutheka kwambiri kuti yachitatu inachita kukankhidwa. Ngati anamva kawiri motalikirana, ndiye kuti yachitatu inali itamugunda kale. Mufunseni pomwepo, iye ndi onse omwe anali m'galimoto yake, asanayambe kumva nkhani za ena. Pakapita masiku atatu munthu amakumbukira zomwe anauzidwa, osati zomwe thupi lake linamva.

Zitsulo nazo zimachitira umboni. Galimoto yomwe yaponda mabuleki mwamphamvu imagwada kutsogolo, kumbuyo kumakwera. Ndiye ikagunda inzake ili chogwada choncho, bampala yake imalowa pansi pa bampala ya inzakeyo, ndipo zomwe zimaphwanyika ndi nyali, giliro ndi boneti. Yomwe inali itaima kale n'kuchita kukankhidwa imagunda bampala kwa bampala pamsinkhu wake wamasiku onse. Yerekezaninso kukula kwa mabala: ngati kumbuyo kwa yachitatu kwanyenyeka koma kutsogolo kwangopindika pang'ono, zikugwirizana ndi kukankhidwa. Ngati kutsogolo ndiko kwaonongeka kwambiri pomwe kumbuyo kwangokandika, nkhani yoti "ndinakankhidwa" yavuta kuikhulupirira. Galimoto zambiri zamakono zili ndi kachipangizo kolumikizana ndi ma airbag komwe kamasunga liwiro ndi kuponda kwa mabuleki pa masekondi pafupifupi 5 ngozi isanachitike, ndipo kamera ya pa dashibodi, ngakhale ya galimoto yongodutsa, imatha mkangano wonse m'mphindi imodzi. N'chifukwa chake kujambula zithunzi galimoto zisanasunthidwe kuli kofunika kuposa kukuwirana: malo a galimoto iliyonse, mikwingwirima ya matayala, pomwe pagwera magalasi osweka, nambala zonse. Zimenezi zibwere pambuyo pothandiza ovulala ndi kuchenjeza galimoto zomwe zikubwera, poti yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi zikadali m'njira.

Nanga bwanji wakumbuyo ndiye amayamba kuganiziridwa? Ndi masamu chabe. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imayenda mamita pafupifupi 28 sekondi iliyonse. Munthu akatenga sekondi imodzi ndi theka kuti aone ngozi ndi kusuntha phazi, wayenda kale mamita 42 mabuleki asanagwire. Pamsewu wouma pafunika mamita ena oposa 50 kuti aime. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mabuleki atagwira umawirikiza kanayi. Choncho wosasiya mpata wa masekondi osachepera 2, ndi kuwirikiza mpatawo kukagwa mvula kapena kukachita chifunga, wadziika yekha pamlandu. Koma kuganiziridwa si kugamulidwa. Wakutsogolo yemwe nyali zake za mabuleki sizikuyaka, kapena yemwe analowa mwadzidzidzi mu mzere wa ena n'kuponda mabuleki, kapena anaimika galimoto yakufa usiku pamsewu popanda mahazadi, ali ndi gawo lake.

Tsopano ku ndalama, komwe kupanda inshuwaransi kumayamba kuluma. Khoti likagawa kulakwa, tinene kuti wachitatu 70 pa 100, wachinayi 30 pa 100, silinapange ndalama. Langonena yemwe ali ndi ngongole. Wa 70 uja alibe kampani yomulipirira, ndipo kawirikawiri munthu yemwe walephera kugula inshuwaransi alibenso katundu woti n'kugulitsa. Mutha kupambana mlandu n'kutsala ndi pepala la chigamulo m'manja, loya akudikira zake.

Apa malamulo a mayiko amasiyana, ndipo kusiyanako n'kwakukulu. Ku England ndi m'mayiko ambiri otsatira malamulo a mtundu umenewo, anthu awiri akachititsa chivulazo chimodzi chosagawika, wovulala atha kutenga ndalama zonse kwa aliyense mwa iwo. Ndiye kampani ya wachinayi, yemwe analakwa 30 yokha, ilipira zonse 100, kenako ikalimbane yokha ndi wachitatu kuti abweze 70 yake. Ena amati n'kupondereza. Ine ndimati ndi bwino choncho: pakati pa munthu yemwe analakwako pang'ono ndi munthu yemwe sanalakwe konse, wosenza vuto la mnzawo wopanda ndalama akhale wolakwakoyo. Koma m'zigawo zina za United States aliyense amangolipira gawo lake, kotero wovulala alandira 30, ina 70 yapita. Ndipo ku Alabama, Maryland, North Carolina ndi Virginia, wodandaula akapezeka kuti naye analakwako ngakhale pang'ono, sapatsidwa kanthu. England inasiya lamulo louma limeneli mu 1945, n'kuyamba kungochotsera wodandaula gawo lolingana ndi kulakwa kwake.

Mayiko ena anaona kale kuti dzenjeli silingatsekedwe ndi makhoti okha. Britain inakakamiza inshuwaransi ya third party, yolipira anthu ena omwe dalaivala wawalakwira, mu 1930, ndipo mu 1946 kunakhazikitsidwa Motor Insurers' Bureau, thumba lomwe makampani a inshuwaransi amasonkhamo kuti lizilipira anthu ogundidwa ndi madalaivala opanda inshuwaransi kapena othawa. Kunena zoona ndalamazo zimachokera kwa madalaivala omwe amalipira inshuwaransi mokhulupirika. Ku South Africa kuli Road Accident Fund, yomwe ndalama zake zimachokera pamsonkho wa mafuta a galimoto. Imalipira za kuvulala ndi imfa, koma za kuphwanyika kwa galimoto ayi. Ku United States munthu amagula chitetezo chapadera pa polise yake yomwe (pangano lake la inshuwaransi), chomulipira iye akagundidwa ndi wopanda inshuwaransi. Ku California anapita patali: kuyambira 1996, dalaivala wopanda inshuwaransi akagundidwa, ngakhale asanalakwe, amabwezeredwa zomwe waononga kuchipatala ndi malipiro omwe wataya, koma ndalama za ululu ndi kuzunzika sapatsidwa. Onani kuti ngakhale kumeneko sanena kuti iye ndiye wachititsa ngozi. Amangomuchepetsera zomwe angalandire.

Kwa inu muli ndi comprehensive, inshuwaransi yoteteza ndi galimoto yanu yomwe, njira yachidule ndi kupita ku kampani yanu. Ikonza galimoto, inu mulipira excess, gawo la ndalama zokonzera lomwe mwini galimoto amalipira yekha, kenako kampaniyo imatenga malo anu n'kukalondola olakwawo. Ikapeza ndalama, excess yanu itha kubwerera. Ikalephera chifukwa wolakwayo alibe kanthu, nthawi zambiri excess yapita. Kwa inu muli ndi third party yokha, mvetsani bwino: imeneyo imalipira anthu omwe inu mwawalakwira, galimoto yanu siidziwa. Ndipo ngakhale wolakwa ali ndi inshuwaransi, polise zambiri zili ndi malire pa katundu wa anthu ena. Malirewo amawerengedwa pa ngozi imodzi, osati pa galimoto iliyonse, ndiye galimoto zitatu zophwanyika zigawana mphika umodzi. Zotsalazo ndi ngongole ya dalaivalayo payekha.

Musafulumirenso kukhulupirira kapepala ka inshuwaransi komata pagalasi. Polise itha kukhala yotha masiku, kapena yolembedwa kuti galimotoyo ndi yoyendera mwiniwake pomwe ikunyamula anthu olipira, kapena woyendetsa alibe laisensi. Kampani itha kukana kapena kuvutavuta, ngakhale m'mayiko ena lamulo limaikakamiza kulipira ovulala kaye, n'kukatenga ndalamazo kwa kasitomala wake pambuyo. Mbali inayo, wooneka ngati alibe kalikonse atha kukhala ndi wina kumbuyo kwake. Funsani kuti galimotoyo ndi ya yani, komanso ngati dalaivalayo anali pantchito. Wolemba ntchito amayankha pa kusasamala kwa wantchito wake ngati ngoziyo yachitika ali pantchitoyo, ndipo kumeneko ndi komwe kumapezeka ndalama.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mgwirizano wa pamsewu. Wopanda inshuwaransi amaopa apolisi, ndiye amachonderera: "tisawaitane, ndikukonzerani ndekha." Pa galimoto ziwiri zongokandana mwina zitheka. Pa galimoto zinayi ndi msampha. Mukagwirizana naye awiriwiri, enawo sanagwirizane nanu, ndipo mawa lino wina adzati inu ndi amene munamugunda, lipoti la apolisi palibe. Mukasainira kuti nkhani yatha, mwatseka njira yomwe kampani yanu ikanamulondolera, ndipo itha kukana kukulipirani pachifukwa chomwecho. Polise zambiri zimaletsanso kuvomera kulakwa popanda chilolezo cha kampani. Komanso ululu wa khosi ndi msana kawirikawiri umayamba mawa lake kapena mkuja, ndipo kupindika kwa chasisi kumaoneka makaniko akachotsa bampala.

Kulinso chinyengo china chosakambidwa kawirikawiri: onse kugwirizana mwakachetechete kukankhira mlandu kwa yemwe ali ndi inshuwaransi yabwino, "poti ilipira ndi kampani." Kumeneko ndi kunamiza kampani, ndi mlandu pawokha, ndipo wounika wodziwa ntchito akayerekeza msinkhu wa mabala ndi zomwe mwalemba, bodzalo limaonekera. Wovomera kulakwa komwe si kwake amataya kuchotseredwa kwake kwa zaka zopanda ngozi, mtengo wa polise yake umakwera, ndipo wina akadzapezeka kuti anavulala kwambiri, dzina lolembedwa pamlanduwo ndi lake.

Dziwitsani kampani yanu mwamsanga, ngakhale mukuona kuti simunalakwe, chifukwa polise zimaika nthawi yochitira zimenezi. Makhoti nawo ali ndi malire awo: ku England ndi zaka 3 pa mlandu wa kuvulala ndi zaka 6 pa wa katundu, kwina ndi zochepera pamenepo. Munthu wolonjeza kuti "ndilipira mwezi wamawa" atha kukudyerani nthawi yonseyo, choncho lonjezo lake lilembedwe, likhale ndi masiku ake ndi mboni, ndipo tsiku loyamba lomwe waphonya likhale tsiku lomwe mukuonana ndi loya.