Ndalipira kuti mwana akasewere m'matope

Nditawauza mayi anga pafoni kuti ndalipira mapaundi 35 patsiku kuti mdzukulu wawo akasewere kutchire, anayamba akhala chete. Kenako anati, "Kodi ndalama zakuchulukirani kumeneko? Mtumizeni kuno ku Dedza azidzatidyetsera mbuzi, ife sitimulipiritsa." Ndinaseka, poti nanenso chaka chatha ndikanalankhula zomwezo.

Kuno ku England tchuthi cha Pasaka chimakhala cha masabata awiri. Chimafika kuzizira kutayamba kuchepa, mawotchi atasunthidwa ndi ola limodzi kumapeto kwa Malichi, dzuwa likuchedwa kulowa. Ndiye pali magulu amene amatenga ana ang'onoang'ono kukakhala nawo kunkhalango tsiku lonse, kuwasiya m'mawa n'kukawatenga madzulo. Amati forest school. Aphunzitsi a ku Bridgwater College anakaziona ku Denmark mu 1993, n'kubwera nazo kuno.

Ife tchire tinkalipeza ulere. Tikaweruka kusukulu, yunifolomu pachingwe, ulendo wa kudambo, legeni ili m'khosi. Kuumba ng'ombe zadongo, kugwira ziwala, kubwerera kunyumba miyendo ili mbuu. Zoti chitedze sagwira chinatiphunzitsa chokha. Koma mwana wanga, wazaka 5, akukulira m'fulati pansanjika yachitatu. Ine ndili pa shifiti ya usiku, bambo ake ya masana. Tchuthi kwa iye chimatanthauza tabuleti ndi hita. Tsiku lina anaona nyongolotsi pamsewu mvula itagwa, n'kukuwa kuti njoka. Ndinachita manyazi ndekha, mdzukulu wa alimi ameneyo.

Tsiku loyamba ndinamupeza matope ali mpaka m'makutu, sokosi imodzi yasowa, dzanja lili tizidzolo chifukwa anagwira nettle, kachitsamba koyabwa kamene ine ndimati ndi msuweni wake wa chitedze. Ndimayembekeza misozi. Ayi ndithu, pakamwa sipanatseke mpaka kunyumba. Akuti padziwe anaona mazira a achule, onanda ngati therere, mkati muli timadontho takuda, ndipo akaswa mumatuluka mbululu. Liwu la mbululu ndinamuuza ndine m'basi momwemo, ndipo analibwereza kasanu. Akutinso anayatsa moto yekha pokhwatcha kachitsulo kothetheka pa thonje, aphunzitsi atagwada pambali pake. Pofika 7 koloko anali atagona, osafunsa n'komwe za tabuleti.

Apa ndi pamene ndingakhumudwitse ena. Makolo ochokera kwathu timawatsekera ana m'nyumba mopitirira muyeso. Kukangochita kamtambo timati adwala chimfine, chonsecho chimfine chimabwera ndi tizilombo, ndipo amapatsirana kwambiri m'zipinda zotsekatseka zomwezo. Chinanso, ndipo ichi ndimachimvetsa, ambirife tinavutika kuti tichoke m'fumbi, ndiye mwana wakuda zovala amatikumbutsa umphawi. Timafuna aoneke wa kutauni, nsapato zili waliwali. Koma mwana wosadziwa kukwera mtengo, woopa nyerere, mudzapita naye bwanji kumudzi? Agogo ake adzacheza naye zotani?

Zoti n'zodula sindikana. Ine ndakwanitsa masiku atatu okha, enawo akhala kwa azakhali ake. Koma musanagwe ulesi funsani kusukulu za Holiday Activities and Food programme, pulogalamu yopatsa ana zochita ndi chakudya pa tchuthi. Boma linaifalitsa mu England yonse mu 2021, imayendetsedwa ndi makhonsolo, ndipo ana amene amadya ulere kusukulu chifukwa cha kuchepa kwa ndalama pakhomo amapita osalipira, chakudya n'kulandiranso konko. Malo amatha msanga, choncho musadikire sukulu itseke.

Mawa akubwereranso, akuti akukamanga kachisakasa ka nthambi. Amene ali ndi majombo oti mwana wake anawakula andipeze ku inbox, awa ayamba kumuthina. Sokosi ija sinapezekebe.