Musachotse air suspension musanayeze sensa

Eni ma Discovery, Range Rover Sport, Prado ya mpweya kumbuyo, ML, X5 ndi Touareg muno mu Lilongwe, ndimvereni pang'ono. Galimoto ya air suspension, yomwe imanyamulidwa ndi mabaluni a mpweya wopopedwa ndi kompuresa, ikayamba kupendekera mbali imodzi, kapena mukaipeza m'mawa itakhala pansi kumbuyo, mawu oyamba omwe mumamva ku galaja ndi akuti "bwana, kompuresa yatha" kapena "tingochotsa zonsezi tiike ma coil". Zimenezi zimandipweteka mtima. Nthawi zambiri cholakwika ndi kachipangizo kokwana m'dzanja, sensa yoyeza kutalika kwa galimoto, ndipo kuiyeza kumangofuna tepi, madzi a sopo, multimeter (choyezera magetsi) ndi kudekha.

Sensayi imamangidwa ku chesesi. Ili ndi kamkono, ndipo kamkonoko kamalumikizidwa ku control arm (chitsulo chogwira wilo ku chesesi) kapena ku axle ndi kandodo kokhala ndi timitu tozungulira mbali zonse. Tayala likakwera kapena kutsika, kamkono kamatembenuka, sensa n'kuuza kompyuta kuti ngodya imeneyi ili pamwamba kapena pansi. Kompyutayo ilibe maso. Ikanamizidwa kuti kumanzere kwakwera, imatulutsa mpweya kumanzere ngakhale baluni ili bwinobwino. Ikanamizidwa kuti kwatsika, imalimbana ndi kupopa mpaka kompuresa kutentha. Ndiye mukagula kompuresa yatsopano osakonza sensa, nayonso ipsa. Discovery 3 ndi 4 ili ndi masensa anayi, Prado 120 ili ndi awiri kumbuyo, pomwe Land Cruiser 100 ya AHC (yodzikweza ndi kudzitsitsa) ili ndi atatu ngakhale iyo imakwezedwa ndi mafuta, osati mpweya.

Choyamba n'kusiyanitsa kudontha kwa mpweya ndi bodza la sensa, ndipo apa m'pamene ambiri amathamanga. Imikani galimoto pa simenti yosalala, osati pa bwalo la dothi lotsetsereka ngati m'magalaja ambiri a ku Biwi. Yezani kuchokera pakati penipeni pa wilo kufika m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayala, ngodya zonse zinayi, ndi kulemba papepala. Musayeze kuchokera pansi, chifukwa mpweya wa m'tayala ukusokonezani. Pa Discovery 3 ndi 4, ikakhala pa msinkhu wake wa masiku onse, pamayenera kutuluka 466 mm kutsogolo ndi 485 mm kumbuyo. Mukatero zulani fyuzi ya suspension kuti kompyuta isadzuke usiku n'kumakonza yokha, galimoto igone choncho. M'mawa yezaninso. Ngodya ikatsika fyuzi ili kunja, mpweya ukudontha, ndipo thirani madzi a sopo pa baluni, pa mapaipi ndi pa valve block (kabokosi kogawa mpweya ku mabaluni), thovu likuonetsani malo ake. Koma ikagona chilili osatsika, kenako n'kupendekera mutabwezera fyuzi, ndiye kuti kompyuta ndi yomwe ikutulutsa mpweya mwadala. Pamenepo pitani ku sensa.

Amakaniko anzanga, chonde, musalowe pansi pa galimoto yotere itangokhala pa mabaluni kapena pa jeke. Ikani ma stand ku chesesi. Mukagwedeza kamkono kaja kiyi ali on, galimoto ikhoza kutsika nthawi yomweyo munthu ali pansi.

Yambani ndi maso ndi manja. Kandodo kaja kamapindika tikagunda ma hump mothamanga kapena tikakhula pansi m'misewu yokumbika ya ku Area 25, Chinsapo ndi Area 36. Timitu take timauma ndi fumbi la mu Okutobala, kenako matope a Januwale n'kutimata, dzimbiri n'kumaliza. Kamutu kouma kamakoka kamkono mokakamiza mpaka kuthyoka. Vuto lina limabwera ndi ife tomwe: munthu wasintha shock kapena ma bush matayala akulendewera, kamkono n'kutembenukira mbali yolakwika, iye n'kumanga choncho. Sensa imayamba kuwerenga chagada, galimoto ikamakwera iyo ikuti ikutsika. Fananizani ndi mbali inayo, timikono tiyenera kuloza mofanana.

Kenako zulani pulagi muone m'kati. Mukapeza zobiriwira pa mapini, madzi analowa. Izi n'zofala kwa omwe amakonda kutsukitsa kunsi kwa galimoto ndi mpope wa mphamvu ku car wash, anyamata n'kumalozetsa madzi pa pulagi penipeni. Tsukani ndi contact cleaner, umitsani, ndipo tsatani waya mpaka pomwe akulowa mu chesesi, poti amakonda kudukira m'kati chikopa chake chikuoneka chabwino.

Tsopano multimeter. Masensa ambiri amagwira ntchito ndi mawaya atatu: wa moto wa 5 V wochokera ku kompyuta, wa earth, ndi wa signal. Kiyi ali on, pulagi ili m'malo mwake, yezerani kumbuyo kwa pulagiyo. Masulani kandodo, yendetsani kamkono pang'onopang'ono ndi dzanja. Signal iyenera kuyenda mosadumpha pakati pa 0.5 V ndi 4.5 V. Ikamalumpha kapena kuzima pamalo ena, sensa yadyeka m'kati, ndipo malo odyekawo amakhala pakati, pomwe galimoto imakhalitsa tsiku lililonse. Ikangoima pa 0 V kapena 5 V, kaikirani waya kaye musanagule kanthu. Pakasowa 5 V, nthawi zambiri sensa ilibe mlandu. Magalimoto ena a ku Germany amatumiza signal ya PWM, yoyaka n'kuzima mofulumira kwambiri, yomwe multimeter wamba siionetsa bwino, choncho pamenepo gwiritsani makina a diagnosis, tsegulani live data, muone ngati nambala ya ngodya iliyonse ikugwirizana ndi ya pa tepi yanu. Kungowerenga code ndi kuifufuta si kuyeza. Onaninso batire: lisachepere 12.4 V injini ili chete, ndipo ikalira likhale cha m'ma 14 V. Batire lofooka limabweretsa ma code onama ambirimbiri pa magalimoto amenewa.

Mukatsimikiza kuti sensa yafadi, gulani ndi nambala ya pa yakaleyo, chifukwa pa magalimoto ambiri ya kumanzere ndi ya kumanja n'zosiyana ngakhale zikufanana maonekedwe. Yakale ya ku scrap iyezeni kaye ndi multimeter musanalipire. Mukamanga, pamafunika calibration: galimoto pamalo osalala, yopanda katundu, muyeze ndi tepi n'kulowetsa manambalawo mu kompyuta. Popanda zimenezi sensa yatsopano idzapendeketsabe galimoto, mwini wake n'kumati munamuikira yabodza.

Zoika ma coil achitsulo m'malo mwa mabaluni sindikukana kotheratu. Ngati mabaluni onse ang'ambika, kompuresa yapsa, ndipo galimoto imakhalira ku Mchinji kapena ku Kasungu kutali ndi makina a diagnosis, ndikumvetsa. Koma dziwani kuti mukutaya mwayi woikweza podutsa madzi ndi woiwongola mukasenza matumba a chimanga kumbuyo, ndipo pa magalimoto a nyali za xenon sensa yomweyo nthawi zina ndi imene imawongola nyali kuti zisathobwe anzanu pa M1 usiku. Mukaizula n'kuitaya, nyali nazo zimasokonekera.