Thiranki la amayi lisachoke kunsi kwa bedi

Loweruka lapitali ndinakangana ndi mlongo wanga kunyumba kwa amayi ku Chilenje, ndipo mpaka lero nkhaniyi ikundizungulira m'mutu. Iye akufuna kupenta chipinda cha amayi. Atayang'ana kunsi kwa bedi anapeza thiranki lachitsulo lija, lodzaza zitenje. Ndiye akuti, "Amayi, zonsezi simuvala. Bwanji zina tikapereke kutchalitchi, malo apezeke?"

Amayi sanamuyankhe. Anangokoka thirankilo n'kulitsekula, fungo la timibulu toyera tothamangitsa njenjete n'kudzaza chipinda chonse. Kenaka anayamba kutulutsa chimodzichimodzi.

Choyamba chinali cha nkhope ya Papa John Paul II, cha mu 1989 pomwe anabwera kuno ku Zambia. Amayi si Akatolika, koma akuti tsiku limenelo anapita ndi mnzawo wa pamsika yemwe pano anatisiya. Pansi pake panali cha chipani cha UNIP, cha nkhope ya a Kaunda, chopindidwa pamodzi ndi cha MMD, chipani chomwe chinapikisana nawo pachisankho cha mu 1991, cha chizindikiro cha wotchi. Ndinaseka. Anthu amene anatukwanizana chaka chimenecho, mpaka abale kusiya kupatsana moni, m'thiranki la amayi agona mogundizana zaka zoposa 30 popanda phokoso. Panali cha mwambo wa Achewa wa Kulamba chomwe anagula ku Mkaika, ku Katete, chaka chomwe anapita komaliza agogo ali moyo. Panali cha Chipolopolo, timu ya mpira ya dziko lathu, cha mu 2012, titatenga chikho cha Africa ku Libreville, mzinda womwewo umene anyamata athu anagwera m'nyanja ndi ndege mu 1993. Akuti usiku umenewo anavina mumsewu mpaka patapata kuduka. Ine sindinaonepo amayi akuvina kunja kwa tchalitchi, ndiye umboni wake ndi nsaluyo basi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pafupi pomwepa pali nyumba ya nambala 394, momwe a Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Boma linaisunga, pamodzi ndi Land Rover yakale yomwe singayendenso. Palibe amene amati galimotoyo ikagulitsidwe kwa ogula zitsulo kuti malo apezeke. Ana asukulu amabwera pamzere kudzaiona. Zinthu za akuluakulu timazitcha mbiri ya dziko. Za mayi wogulitsa tomato timati n'zodzaza nyumba. Chonsecho mayiyo ndi amene anaima padzuwa kumisonkhanoko, ndi amene anavota, ndi amene anapirira mizere ya ufa.

Mlongo wanga sanalakwe zonse ayi. Kukhitchini kwa amayi kuli zigubu za mafuta zopanda zitsekerero, mapepala apulasitiki opindidwa m'pepala lina, ndi ketulo yomwe inapsa kalekale. Zimenezo ndi mantha a munthu amene anaona masitolo opanda sopo ndi shuga, ndipo nanenso ndingakonde zitachoka. Mukawafunsa za chigubu, amangoti "chidzagwira ntchito". Mukawafunsa za chitenje, amakuuzani chaka, amene anali naye, mtengo wake kumsika wa Kamwala, ngakhale mvula ngati inagwa tsikulo. Kwa ine kusiyana kwagona pamenepo.

Ndipo tisanamizane, tonse tili ndi thiranki lathu. Malemu bambo anasiya chitini cha mangwee akale ndi ma K500 ndi K1,000 apulasitiki aja a mu 2003, omwe anatha ntchito boma litachotsa maziro atatu mu 2013. Sangagule ngakhale chitumbuwa, koma palibe amene walimba mtima kuwataya. Ineyo wolankhulane ndili ndi dilowa ya mafoni akufa, kuyambira ka Nokia koyamba, ndi makadi a Celtel ndi Zain. M'kafoni kamodzi muli mauthenga a bambo. Sikayakanso. Ndimadziwa kuti sikayakanso.

Chomwe chimandiopsa ndi tsiku logawa katundu wa malemu. Mwambo wathu mumaudziwa: thiranki lidzatsekulidwa pabwalo, azakhali atenge ziwiri, apongozi chimodzi, ndipo cha Papa chija chidzathera pamutu pa wina ngati nkhata. Palibe amene adzalakwe, adzangokhala kuti sakudziwa. N'chifukwa chake Lamlungu ndinabwereranso ndi kope, ndikulemba zomwe amayi akunena pa chitenje chilichonse. Tafika pa chachisanu ndi chinayi, chifukwa nkhani ya chimodzi imatha ola lathunthu, tiyi n'kuzizira.

Chipinda chapentedwa ndithu, mtundu wobiriwira womwe mlongo wanga anasankha. Thiranki labwerera pamalo pake. Amayi agula loko watsopano, ndipo kiyi wake amumanga pamfundo ya chitenje chomwe avala.