Phindu la kafukufuku wa Katalin Karikó silinaoneke pa sikelo ya akuluakulu ake

Ndikamva anthu akutamanda wasayansi potchula ndalama za kafukufuku zimene walandira, kapena kuchuluka kwa anzake amene atchula ntchito yake m'zolemba zawo, ndimakumbukira Mayi Katalin Karikó, amene miyeso yomweyi inawaonetsa ngati olephera kwa zaka zambiri.

Mayiwa anabadwira ku Hungary mu 1955, anaphunzira pa yunivesite ya Szeged, ndipo mu 1985 anasamukira ku Philadelphia, m'dziko la America. Maganizo awo anali osavuta kuwafotokoza ngakhale kuti kuwakwaniritsa kunali kovuta. mRNA ndi uthenga umene selo imakopera kuchokera ku DNA, yomwe imasunga malangizo a chibadwa cha thupi, n'kuugwiritsa ntchito popanga mapuloteni, choncho ngati uthenga wopangidwa mu labotale ungalowetsedwe m'thupi la wodwala, thupilo lingadzipangire lokha puloteni imene ikufunika ngati mankhwala. Chimene chinkalepheretsa n'chakuti mRNA sichedwa kuwonongeka, ndiponso thupi likakumana nayo limaiyesa kachilombo, chitetezo n'kudzuka, kutupa n'kuyamba. Mapempho awo a ndalama anakanidwa mobwerezabwereza, mpaka mu 1995 yunivesite ya Pennsylvania, kumene ankagwira ntchito, inawatsitsa pa udindo.

Gawo limene limandigwira mtima ndi la momwe yankho linapezekera. Akugwira ntchito limodzi ndi Drew Weissman, katswiri wa chitetezo cha m'thupi, anaona kuti RNA ya mtundu wina (mRNA ndi mtundu umodzi chabe wa RNA), yotchedwa tRNA, sinkadzutsa chitetezo monga inkachitira mRNA yopangidwa mu labotale. Atafufuza chifukwa chake anazindikira kuti selo imasintha pang'ono tizigawo tina ta RNA yakeyake, ndipo kusinthako ndiko kumauza thupi kuti iyi ndi ya m'nyumba. Awiriwo nawonso anasintha kagawo ka mRNA kotchedwa uridine, m'malo mwake n'kuika kofanana nako kotchedwa pseudouridine, ndipo chitetezo chinakhala chete. Zotsatirazi zinatuluka mu 2005 m'magazini ya Immunity. Mu 2008 anaonetsanso kuti mRNA yosinthidwayo imapangitsa selo kutulutsa puloteni yochuluka kuposa yosasinthidwa. Ofufuza ambiri sanazilabadire pa nthawiyo.

Mu 2013 Mayi Karikó anakayamba ntchito ku kampani ya BioNTech mumzinda wa Mainz ku Germany. Mu December 2020 katemera wa COVID-19 wa Pfizer-BioNTech ndi wa Moderna analoledwa kugwiritsidwa ntchito, ndipo onse awiri ali ndi uridine wosinthidwa potsatira mfundo ya mu 2005 ija. Mphoto ya Nobel inawafika iwo ndi a Weissman mu 2023.

Ine sindikhulupirira kuti amene anawatsitsa pa udindo anali anthu oipa mtima. Anayeza ndi sikelo imene anali nayo, ndipo sikeloyo ndiyo ndikuikayikira. Wofufuza amene walandira ndalama amalemba anthu ntchito, amatulutsa zolemba zambiri, anzake amamutchula, ndipo akapemphanso ndalama amaoneka wodalirika, pamene amene anakanidwa poyamba amatsala ndi labotale yopanda anthu n'kumaimbidwa mlandu wosabala zipatso. Kuchuluka kwa okutchula kumasonyeza makamaka kuti nkhani imene ukufufuza ili m'kamwa mwa anthu ambiri chaka chimenecho, ndipo m'zaka za m'ma 1990 maso a ofufuza ambiri anali pa DNA.

Ndisaiwale kunena kuti katemerayu sanachokere m'manja mwa anthu awiri okha, chifukwa mRNA sikanafika mu selo popanda timipira ting'onoting'ono ta mafuta toikutira, ntchito imene Pieter Cullis ndi anzake ku Vancouver anathera nayo zaka zambiri. Zimenezi zikungowonjezera vuto la kayezedwe, pakuti phindu la kafukufuku wa munthu mmodzi limadikira ntchito ya ena, imene mwina sinafike n'komwe pakupsa.

Thandizo la ndalama lochokera ku National Institutes of Health, bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo, kawirikawiri silipitirira zaka 5 lisanaunikidwenso, pamene kuchokera pa zolemba za mu 2005 kufika pa jakisoni woyamba wololedwa panadutsa zaka 15.