Madzi omwewa angagumulenso mulu wonse

Inu olemba nkhani ya malo otayirako zinyalala, mwanena kuti kupopera m'mulu wa zinyalala madzi onunkha amene amatsikira pansi pake kumathandiza kuti ziwole msanga. Pamenepo sindikutsutsa. Mabakiteriya amafuna chinyontho, ndipo zimene zikanakhala zaka makumimakumi zimavunda m'zaka zochepa. Koma mwasiya mbali imene imandidetsa nkhawa kwambiri.

Zinyalala zikakhuta madzi zimalemera, zimaterera. Mu September 1997, kumalo otayirako zinyalala a Doña Juana ku Bogotá, m'dziko la Colombia, kumene ankapopera madzi amenewa m'kati mwa mulu, chigawo chachikulu chinagumuka n'kukatseka mtsinje wa Tunjuelo.

Ndinagwirapo ntchito pamalo otere. Tsiku lina tinadula paipi yokokera madzi pansi pa mulu, ndipo m'kati mwake munali mutauma zinthu zotuwa, zolimba ngati mwala, moti panangotsala kabowo kolowa chala chimodzi. Madzi atasowa kolowera anayamba kutuluka m'mbali mwa mulu, akuda bii, udzu wonse pamenepo n'kufota. Pamwamba pake zonse zinkaoneka bwinobwino, abale.

Za methane, mpweya woyaka wochokera m'zinyalala zowola, nazonso tisamangozitchula ngati phindu la magetsi. Pafupifupi theka la mpweya wotuluka m'mulu ndi methane, ndipo m'njira imeneyi umayamba kutuluka msanga. Mapaipi okokera mpweya akachedwa kuikidwa, wonsewo umathawira m'mwamba.

Anzanga owerenga, funsani amene akuyamikira njirayi kuti azidzayeza ndani kuchuluka kwa madzi m'mulumo pakatha zaka 20. Ndipo pulasitiki, kaya mumuthirire bwanji, sawola.