Chimanga chachizungu sichilowa m'malo mwa mapiritsi a BP

Abale anga, uthenga ukuzungulira pa WhatsApp uja, woti chimanga chachizungu chimachiza khansa, shuga, BP komanso kufooka kwa abambo kuchipinda, wandikwana. Ndikunena makangaza aja a m'Baibulo, amene azondi a Mose anabwera nawo kuchokera ku Kanani pamodzi ndi mphesa ndi nkhuyu.

Chipatsocho sindikuchinyoza ayi. Njere zake zofiira zija zili ndi vitamini C, vitamini K ndi potaziyamu, ndipo mukamatafuna ndi timbewu tam'kati tomwe, kudzimbidwa kumachepa. Ofufuza anapezanso kuti juwisi wake amatsitsa BP, koma pang'ono, mwina ndi 5 pa nambala yapamwamba imene makina oyezera BP amaonetsa. Ndiye munthu amene makina akuwerenga 170 ataye mapiritsi chifukwa cha 5?

Bodzali silinayambe kuno. Ku America kuli kampani ya juwisi wa makangaza yotchedwa POM Wonderful. Inkalengeza kuti juwisi wake amathandiza pa matenda a mtima, khansa ya prostate ndi vuto la abambo lija. Mu 2010 bungwe la boma loteteza ogula, FTC, linaitengera ku mlandu, ndipo mu 2015 khoti la apilo linagwirizana ndi bomalo kuti malonda aja ankanamiza anthu. Kampaniyi inali itawononga madola oposa 35 miliyoni pa kafukufuku, koma umboni wokwanira unasowabe. Tsono mnzathu wogulitsa ufa wa makoko a makangaza m'timabotolo topanda chizindikiro, umboni wakewo waupeza kuti?

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi makungwa ndi mizu. Nzoona kuti ku Egypt wakale ndi ku India ankazigwiritsa ntchito pochotsa njoka zam'mimba. Koma chimene chimagwetsa njokazo ndi poizoni, ndipo mukapyola muyeso mumasanza, kuchita chizungulire, ngakhale maso kuchita chidima. Lero kuchipatala mankhwala a njoka alipo, muyeso wake ndi wodziwika. Makoko a chipatso nawonso ena amawiritsa pofuna kuletsa kutsegula m'mimba, poti ali ndi khambi lomanga m'mimba. Wamkulu mwina zingamuthandize, koma mwana wotsegula m'mimba chimene chimamupha ndi kutha madzi m'thupi. Mupatseni Thanzi ndi zinc, muthamange naye kuchipatala.

A shuga, samalani ndi juwisi. Tambula imodzi imakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 30, osasiyana kwenikweni ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Bola kudya njerezo. Nanunso amene mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana aja, yambani mwafunsa adokotala musanazolowere kumwa juwisiyu tsiku ndi tsiku.

Ndipo ngati nkhani ndi vitamini C, bwanji tikupita kutali? Magalamu 100 a makangaza ali ndi mamiligalamu 10 okha, pamene gwafa wa muyeso womwewo amapitirira 200. Gwafa yemweyu amene amawolera pansi kuseri kwa nyumba, ana atatopa naye.

Ine ndinganene kuti amene ali ndi malo adzale mtengo umodzi pakhomo. Umapirira chilala, umamera ndi nthambi yodula chabe, ndipo pakatha zaka ngati zitatu umayamba kubereka. Ana azithyola nkumadya. Ndalama ya ufa wa m'botolo ija muisunge ya basi yopitira ku kiliniki ya BP.