Agogo akhoza mayeso mu wodi, kwawo akukagwa

Wophunzira occupational therapy (ntchito yothandiza odwala ndi okalamba kuti azitha kudzichitira zinthu za tsiku ndi tsiku) ku yunivesite ya Wits amatha zaka 4, kenako chaka chimodzi cha community service (kutumikira m'zipatala za boma), HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito za umoyo ku South Africa, isanamulole kugwira ntchito payekha. Maphunzirowo sindikuwanyoza. Dandaulo langa lili pa zida zoyezera okalamba, zomwe zambiri zinapangidwira nyumba zosiyana ndi zomwe agogo athu amakhala kuno ku Joni.

Fomu ya Barthel Index imayeza ngati munthu amatha yekha zinthu 10, monga kudya, kuvala, kusamba, kupita kuchimbudzi ndi kukwera masitepe. Mu wodi pansi ndi posalala, chimbudzi chili pafupi, agogo amakhoza. Kwawo ku Alexandra kapena ku Diepsloot chimbudzi chili panja, amasambira m'beseni la pansi atawerama, madzi ndi a m'chigubu cha malita 20, cholemera makilogalamu 20. Fomuyo sifunsa zimenezi.

MoCA nayo, yoyeza kukumbukira ndi kuganiza, ili ndi malikisi 30, ndipo imafuna munthu ajambule wotchi. Mayi amene sanagwirepo cholembera alephera ngakhale mutu wawo uli bwinobwino, ndipo likisi limodzi lowonjezera kwa ophunzira pang'ono silikonza kanthu. Womasulira akakhala mdzukulu, ndiye basi, amawanong'oneza mayankho chifukwa cha chifundo.

Ndiye aphunzitsi, atengereni ophunzira kumakomo. Timed Up and Go ichitikire pabwalo pomwepo: agogo adzuke pampando, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere kudzakhala. Masekondi akakwana 12 kapena kuposa, ali pangozi yogwa. Wophunzira aone yekha kuti chogwirira chomangidwa pakhoma la malata chimazuka, chifukwa misomali ilibe pogwira. Bola chitsulo chokwiriridwa pansi ndi simenti. Ayeze ndodo: chogwirira chifike pamfundo ya dzanja munthu ataimirira manja ali pansi, ndipo igwidwe mbali ya mwendo wamphamvu. Ambiri amaigwira mbali yodwala. Labala wa kunsi akatha, ndodo imaterereka pa matailosi. Pakufunikanso kuyeserera kukwera takisi, mwendo wamphamvu patsogolo, potsika wodwala utsogole, poti tsiku la kuchipatala ulendo wake ndi womwewo.

Ofufuza nawonso asamangopita kunyumba zosungira okalamba chifukwa choti n'kosavuta kupezako anthu. Agogo athu ambiri amakhala ndi ana awo m'zipinda zakuseri, ena alibe mapepala ndipo amaopa fomu iliyonse. Amenewa akasowa m'kafukufuku, asowanso m'maphunziro a chaka chamawa.